Mukapeza namwino wachilendo kuchipatala

Ku Rutsanana Polyclinic ku Glen Norah, monganso m'zipatala zina za khonsolo ya Harare, mungapeze namwino amene simunamuonepo. Anamwino ambiri a m'Zimbabwe anapita kukagwira ntchito kunja, makamaka ku UK, motero khonsolo imalemba ena ogwira kwa kanthawi, otchedwa locum. Musawakayikire: nawonso amayenera kulembetsa ku Nurses Council of Zimbabwe.

Chovuta n'chakuti sadziwa mbiri ya matenda anu. Tengani khadi lanu ndi mabotolo a mankhwala onse amene mukumwa, kaya ndi ma ARV, a shuga kapena a BP. Ngati mankhwala ena, monga Bactrim, anakuwenganipo, nenani asanakulembereni chilichonse. Musanatuluke, onetsetsani kuti tsiku lobwereranso lalembedwa m'khadimo, pakuti ulendo wotsatira mungadzapeze namwino winanso.