Mfundo yachisanu ya Euclid

Cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, mumzinda wa Alexandria ku Iguputo, Euclid analemba Elements, buku la zigawo 13 la masamu a mizere ndi ngodya, amene kusukulu amati geometry. Pamaziko pake anaikapo mfundo zisanu zoti wowerenga angozivomereza popanda umboni. Zinayi zoyamba sizivuta. Ina imangoti pakati pa timadontho tiwiri ukhoza kujambula mzere wowongoka. Yachisanu ndiyo inasowetsa anthu tulo. Imati mzere ukadula mizere ina iwiri, ndipo ngodya ziwiri zamkati za mbali imodzi zikachepera madigiri 180 poziphatikiza, mizere iwiriyo idzakumana mbali imeneyo ukaitalikitsa. Nanga ndani anaitalikitsapo mpaka kumathero kuti akaone?

Nzeru za Euclid zagona pakuti mfundoyi anaiika poyera ngati pempho, sanaizembetse. Zikuoneka kuti mwini wakeyo ankaikayikira, chifukwa ziphunzitso 28 zoyamba anazitsimikizira osaikhudza. Obwera pambuyo pake ankati anangolephera kupeza umboni. Ibn al-Haytham, Omar Khayyam ndi Nasir al-Din al-Tusi anaufunafuna pa zinayi zija, osaupeza. Mu 1733 wansembe Giovanni Saccheri anayamba ndi kukana dala mfundo yachisanuyo, poyembekezera kuti masamuwo adzitsutsa okha. Sanadzitsutse, koma iye anakana zimene cholembera chake chinamuonetsa. Nikolai Lobachevsky wa ku Kazan mu 1829 ndi János Bolyai mu 1832 ndiwo analimba mtima kunena kuti imeneyo ndi geometry ina yathunthu, mmene ngodya zitatu za thirayango sizikwana madigiri 180. Mu 1868 Eugenio Beltrami anaonetsa kuti ngati ya Euclid ili yolimba, yatsopanoyi njolimbanso. Umboni umene anthu anausaka zaka zoposa 2,000 kunalibe.

Wina angati kutamaku kwanyanya, popeza Euclid anazembetsa zina. Zimenezo n'zoona. Pachiphunzitso choyamba penipeni amaika kampasi kunsonga imodzi ya mzere n'kuzunguliza, kenako kunsonga inayo, n'kugwiritsa ntchito pamene mizere yozungulirayo yadutsana, chonsecho palibe mfundo yake yolonjeza kuti idutsana. Maso ndiwo anamuuza. David Hilbert anatseka mipata yotereyi mu 1899 ndi mfundo pafupifupi 20. Komabe anaitseka ndi chida cha Euclid yemweyo, chofunsa kuti mawu aliwonse atsamira pa chiyani, ndipo pamndandanda wakewo mfundo yachisanu ija, yolembedwa ngati mfundo ya mizere yosakumana, inakhalabe payokha, yopanda umboni.