Onga wa M'dzanja ndi Onga wa pa Sikelo: Mbiri ya Kudzaza Mfuti ya Njovu



Pamene tidali ku koleji ya aphunzitsi, tidaloŵeza pamtima katundu amene amalonda akale ankabwera naye kuno kuchokera kugombe la nyanja yamchere: nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi onga. Tidaloŵezanso zimene ankabwerera nazo, ndizo minyanga ya njovu ndi akapolo. Mayeso tidakhoza ndithu. Koma panalibe amene adatifunsa funso limene mlenje wa masiku amenewo ankagona nalo ndi kudzuka nalo, lakuti: kodi m'mfutimo muthiridwe onga wochuluka bwanji? Onga ukachepa, chipolopolo sichiboola mafupa a njovu, ndipo njovu yolasidwa imatembenukira mwini mfutiyo. Ukachulukitsa, mfuti imaphulikira m'manja. Moyo wa mlenje unkakhala pakati pa miyeso iŵiri imeneyi. Lero titsate m'mene alenje a nyama zikuluzikulu adayankhira funsoli, ndi zimene yankho lawo lidachita kwa njovu.

Onga udatulukiridwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ndi msanganizo wa makala, sulufule ndi mchere wina wotchedwa saltpetre. Ukagwira moto umasanduka mpweya wotentha m'kuphethira kwa diso, ndipo mpweyawo posoŵa kothaŵira umakankha chipolopolo kuti chituluke kumlomo kwa mfuti. Kuno kwathu mfuti zidachuluka m'zaka za m'ma 1800. Zambiri zinkasulidwa ku Birmingham ndi ku Liège, ku Ulaya, ndipo zinkafika ndi milongo ya amtengatenga a Ayao ochokera ku Kilwa, ndi Aswahili onga a Jumbe a ku Nkhotakota, komanso ndi Achikunda ochokera kuchigwa cha Zambezi.

Mfuti zimenezi ndizo timazitcha gogodela, ndipo zinkadzazidwa chakumlomo. Mlenje ankaimika mfuti pansi, natapa onga m'thumba kapena m'nyanga, nauthira m'mpope. Pamwamba pake ankaikapo kansanza kapena kachiwondo, kenaka chipolopolo, natsendera zonse ndi kamtengo kapena kachitsulo katali. Mfuti zakale kwambiri zinkayatsa onga ndi mwala wogunda pachitsulo, ndipo mvula ikavumba zinkakana. Mbusa wina wa ku Scotland, Alexander Forsyth, amene ankakonda kusaka mbalame, adalembetsa m'chaka cha 1807 njira yoyatsira onga ndi mankhwala ophulika akamenyedwa. M'nzeru imeneyi ndimo mudachokera kachisoti kamkuwa kovekedwa pamphuno ya mfuti, kamene Aswahili amakatcha fataki. Mtovu ukasoŵa, asuzi a kumudzi ankasula zipolopolo zachitsulo.

Taonani omvera kuti pa ntchito yonseyi panalibe sikelo. Muyeso udali dzanja la mlenje, ndipo onga wamalonda sunkafanana mphamvu: wa m'mbiya iyi wolusa, wa m'mbiya iyo wonyowa. Nchifukwa chake ulenje wa njovu sudali wa munthu wamba. Pakati pa Achikunda, amene poyamba adali asilikali aukapolo m'minda ikuluikulu ya Apwitikizi ndi Amwenye m'mbali mwa Zambezi, gulu lililonse la alenje linkatsogozedwa ndi katswiri wodziŵa mapazi a nyama, mphepo, mankhwala ndi muyeso wa onga. Anyamata ankaphunzira pomunyamulira mfuti. Ankatemera mphini m'manja, ndipo ankakhulupirira kuti mkazi wa mlenje akapanda kudzisunga kumudzi, mwamuna wake aphedwa kuthengo. Ena lero angaseke miyamboyi, koma munthu woyandikira njovu ndi chida chimene sachidziŵa ngati chilira kapena chikana amafuna chomulimbitsa mtima. Ngakhale msilikali wozoloŵera ankangowomba katatu pa mphindi imodzi ndi mfuti yotere, pamene njovu yolusa sichedwa kufika. Choncho alenje ankawomba angapo pamodzi, ndipo njovu ikagwa, mnyanga wogunda pansi unkapita kwa mfumu mwini dziko.

Azungu oyamba kusaka minyanga nawonso ankadzaza mfuti m'njira yomweyi. Frederick Selous, Mngerezi amene adafika ku South Africa mu 1871 ali ndi zaka 19, adalandira chilolezo kwa mfumu Lobengula chosaka m'dziko la Andebele, kumene lero ndi ku Zimbabwe. Mfuti zake zinkaponya mpira wa mtovu wolemera pafupifupi magalamu 113, ndipo onga ankachita kuutapa ndi dzanja m'chikwama chachikopa. M'buku lake la 1881, lotchedwa A Hunter's Wanderings in Africa, akusimba za tsiku lina pamene mfuti idakana kulira. Womunyamulira mfuti, posadziŵa kuti onga ndi chipolopolo zikali momwemo, adathiramonso zina pamwamba. Selous atawomba, mfuti idamunyamula n'kumugwetsa pansi, mtengo wake udasweka, tsaya lidang'ambika, ndipo dzanja lidakana kudzuka kwa masiku. Adapulumuka chifukwa mpope sudaphulike. Mlenje ameneyu adapha njovu 78 ndi mfuti zoterezi, koma adavomera yekha kuti kumenya kwake kudamuononga mtima powomba moyo wake wonse.

Pamene Selous ankavutika chonchi, amisiri a ku Ulaya ndi ku America adali atapeza kale njira ina. Adaika fataki, onga ndi chipolopolo pamodzi m'khoko lamkuwa, chinthu chimene chimatchedwa katiriji, cholongedwa m'mfuti chakumbuyo. Mu 1866 Mngerezi Edward Boxer ndi Mmereka Hiram Berdan adalembetsa aliyense mtundu wake wa fataki yokhala pakati pa tsinde la khokolo. Khoko la Boxer lili ndi kabowo kamodzi pakati penipeni, kotero nkosavuta kukankha fataki yakupsa ndi kachitsulo kosongoka n'kuikapo yatsopano. La Berdan lili ndi timabowo tapambali, ndipo kuchotsa fataki yake ndi ntchito. Chodabwitsa nchakuti Amereka adatenga njira ya Mngerezi, pamene Aulaya adatenga ya Mmereka.

Khoko lamkuwa silitha ndi kuwomba kamodzi, ndipo mlenje wokhala kutali ndi sitolo sakadalitaya. Apa ndipo padayambira luso lodzaza katiriji pamanja. Lidakula kwambiri ku America m'zaka za m'ma 1870, pakati pa alenje a njati za kumeneko. Masana ankawomba ndi mfuti za Sharps, ndipo madzulo ankakhala pamoto kutsuka makoko, kusungunula mtovu ndi kuyeza onga wa maŵa. Muyeso udakhazikika, mfuti idayamba kumenya pomwepomwe kuchokera patali, ndipo mlenje sankafunikanso kuyandikira nyama. Zotsatira zake nzomvetsa chisoni: njati zimene zidali mamiliyoni ambiri zidatsala pafupifupi 1,000 pofika 1889.

Kenaka onga weniweniwo udasintha. Mu 1884 Mfalansa Paul Vieille adapanga onga wosafuka utsi, ndipo mu 1889 Frederick Abel ndi James Dewar adapanga wina wa Angerezi wotchedwa cordite, wooneka ngati timizere ta ulusi. Onga wakale unkatsekereza maso a mlenje ndi utsi woyera, kotero kuti akawomba sankaona ngati njovu yagwa kapena ikubwera. Watsopanowu udalibe vuto limeneli, ndipo udali ndi mphamvu yoposa. Mu 1898 kampani ya John Rigby idatulutsa katiriji ya .450 Nitro Express, yoponya chipolopolo cha magalamu 31 paliŵiro la mamita 655 pa sekondi, ndi onga wa magalamu 4.5 okha. Idatsatidwa ndi .416 Rigby mu 1911 ndi .375 ya Holland & Holland mu 1912, zimene alenje akuzigwiritsabe ntchito. Koma mphamvu ikakula, kalakwidwe kakang'ono kamakulanso. Onga wosafuka sutapidwa ndi dzanja. Umayezedwa ndi muyeso wotchedwa grain, umene 7,000 amakwana paundi imodzi. Ndiponso cordite ankalusa ndi kutentha: katiriji yabwinobwino m'chisanu cha ku London inkatha kumata m'mfuti padzuŵa la m'chigwa cha Zambezi. Nchifukwa chake amisiri ankapanga makoko aakulu ndi kuchepetsako onga wa makatiriji opita kumaiko otentha.

Mfuti zatsopanozi sizidafike m'manja mwa aliyense. Pangano la ku Brussels la 1890 lidaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, n'kungolola mfuti zachikale ndi onga wamalonda. Cholinga chimene chidalembedwa chidali kuthetsa malonda a akapolo, komabe lamuloli lidathandizanso atsamunda kuti mphamvu ikhale kwa iwo okha. Dziko lino litaloŵa m'manja mwa Angerezi mu 1891, kukhala ndi mfuti kudayamba kufuna chiphaso ndi msonkho. Mlenje wa kumudzi adatsala ndi gogodela yake, pamene mlendo adali ndi katiriji.

Mmodzi mwa alendo otereŵa adali John Taylor wa ku Ireland, amene adasaka zaka zambiri m'chigwa cha Zambezi chakufupi ndi Tete, kaŵirikaŵiri popanda chilolezo. Anyungwe adamutcha Pondoro, ndiye kuti mkango. Buku lake la 1948, African Rifles and Cartridges, likuŵerengedwabe ndi odzaza makatiriji chifukwa cha zimene adaona pa zipolopolo. Njovu imafuna chipolopolo cholimba chosaphwanyika, choti chiboole chigaza chokhuthala mosapatuka, pamene nyama yachikopa chofeŵa imafuna chamutu wofeŵa chimene chimafutukuka chikaloŵa. Mlenje wina wa ku Scotland, W. D. M. Bell, amene adapha njovu 1,011 ku Uganda ndi maiko ena a mu Africa, adapha zambiri mwa izo ndi kamfuti kakang'ono ka mamilimita 7, chifukwa ankadziŵa pamene pali ubongo ndipo ankasankha chipolopolo cholimba.

Pofika zaka za m'ma 1970 kampani ya Kynoch, imene inkapangira Angerezi makatiriji akuluakuluŵa, idali itasiya. Eni mfuti zakale adayenera kusankha: kuzipachika pakhoma kapena kudzidzazira okha. Luso lakale lidadzukanso, ndipo lero lilipo ku America, ku South Africa ndi kwina kumene malamulo amalola. Wodzaza amatsuka khoko, naliyang'ana ngati lili ndi mng'alu, nalibweza mumsinkhu wake ndi makina ofinya. Amaika fataki yatsopano, nayeza onga pa sikelo molingana ndi mabuku a opanga ongawo, nakhazika chipolopolo ndi kupanikiza mlomo wa khoko kuti chisasunthe mfuti ikamenya. Salola kucheza kapena kusokonezedwa, pakuti cholakwa chimene amachiopa koposa ndi chomwe chija chidagwetsa Selous: kuthira onga kaŵiri. Paja akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono tibwerere kwathu, tiŵerenge mtengo wake. Mu 1859 David Livingstone, poyenda pa Shire, adaona njovu pafupifupi 800 m'dambo lalikulu la ku Chikwawa ndi Nsanje, nalitcha Elephant Marsh. Mu 1897 boma lidalisandutsa malo otetezedwa, koma lero latsala ndi dzina lokha. Ku Majete njovu zidatheratu pofika 1992. Ku Kasungu zidali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma mu 2015 zidatsala pafupifupi 50. Kusintha kulikonse kumene tasimba kudachotsa ngozi pa mlenje n'kuisenzetsa njovu. Mlenje wa gogodela ankabetcha moyo wake pofuna mnyanga. Wa katiriji yoyezedwa bwino ankabetcha zochepa, ndipo adapha zambiri. Anthu adaphunzira msanga kuyeza onga, koma adachedwa kuphunzira kuŵerenga njovu zotsala.

Kuŵerengako kudayamba ndithu. Malonda a minyanga pakati pa maiko adaletsedwa mu 1989. Njovu zidabwezedwa ku Majete kuyambira 2006, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu 520 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zambiri mwa izo kupita ku Nkhotakota, dera lomwe lija a Jumbe ankasonkhanitsirako minyanga. Mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Malamulo a dziko lathu salola munthu kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo kuchokera mu 2017 wopha njovu angathe kukhala m'ndende zaka mpaka 30. Inu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango mukudziŵa kuti njovu si mnansi wofatsa, ndipo madandaulo anu a minda ndi miyoyo ndi oona. Koma gogodela yosulidwa mobisa, yodzazidwa mongoyerekeza, imapundula mwini wake lero monga momwe inkachitira kale.

Ngati kwanuko kukali nkhalamba imene idaonako atate ake akutsendera onga m'gogodela, khalani nayo pansi madzulo ano, muifunse m'mene ankayezera, ndipo ana asukulu alembe zimene inene.