Pulaneti Lomwe Kunalibe

Ine ndimachita Mbiri. Masamu ndinatsanzikana nawo ku Fomu 4. Koma mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, wa Physics, amaloweza ma equation usiku ngati katekisimu. Tsiku lina nditamufunsa kuti kodi lamulo la Newton limalekezera pati, anandiyang'ana ngati ndatukwana mfumu. Nkhaniyi ndalembera iyeyo.

Isaac Newton anasindikiza lamulo lake la mphamvu yokoka mu 1687, ndipo kwa zaka zambirimbiri linkangolasa pomwepo. Pamene Uranus, pulaneti lomwe William Herschel anatulukira mu 1781, linayamba kupatuka pang'ono pa njira yomwe masamu ankaloza, Mfalansa wina, Urbain Le Verrier, sanakayike lamulolo. Iye anati kuseri kwake kuyenera kuti kuli pulaneti lina lomwe likukoka Uranus. Anawerengera, nalembera kalata Johann Galle ku Berlin. Kalatayo inafika pa 23 September 1846, ndipo usiku womwewo Galle anaona Neptune, pafupi kwambiri ndi pomwe Le Verrier analoza ndi cholembera.

Tsono mu 1859 munthu yemweyo anaona kuti Mercury nalonso silikumvera. Malo amene pulanetili limayandikira kwambiri dzuwa amasuntha pang'onopang'ono. Mbali yaikulu ya kusunthako inkachokera ku kukoka kwa mapulaneti ena, koma panatsala kachidutswa kopanda mwini. Tengani digiri imodzi, muigawe magawo 3,600: Le Verrier anapeza magawo 38 otsala pa zaka 100, ndipo mu 1882 Simon Newcomb anakonza nambalayi kukhala 43. Kanthu kochepa chonchi ena akanangokaponda n'kupitirira.

Mankhwala omwe anachiza Uranus, Le Verrier anamwetsanso Mercury. Anati pakati pa Mercury ndi dzuwa pali pulaneti lina. Dokotala wina wa kumudzi, Edmond Lescarbault, anati anaonadi kadontho kakuda kakudutsa pankhope ya dzuwa, ndipo mwana wosabadwayo anapatsidwa dzina, Vulcan. Akatswiri analisakasaka dzuwa likachita kadamsana, koma ayi ndithu. Le Verrier anamwalira mu 1877 akukhulupirirabe kuti lilipo.

Inetu sindimuseka. Kuwerengera ankakudziwa, ndipo njirayi inali itamubalira kale zipatso, akanaikayikira bwanji? Chomwe sakanatha kuona n'chakuti lamulo la Newton limagwira bwino kumene kukoka n'kofooka ndiponso zinthu zikuyenda pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuwala. Mercury lili pakhomo penipeni pa dzuwa, ndipo limathamanga makilomita pafupifupi 47 pa sekondi. Kumeneko cholakwa chaching'onocho chinaunjikana mpaka kuonekera.

Mu November 1915, ku Berlin komweko, Albert Einstein anawerengera njira ya Mercury ndi masamu ake atsopano, omwe amati dzuwa limapinda mlengalenga ndi nthawi. Anapeza 43, popanda kuwonjezera pulaneti. Komatu masamu omwewo, mukatalikira dzuwa, amabwerera kwa Newton. N'chifukwa chake Amereka atapita ku mwezi mu 1969, njira anailambula ndi lamulo la mu 1687 lomwe lija.

Mnzanga uja nditamuwerengera zonsezi, anandifunsa ngati zidzabwere pa mayeso. Ndinati sindine wolemba mayeso. Anakoka nyali, napitiriza kuloweza.