Ubwenzi wa Amir ndi Hassan m'Mbiri ya Afghanistan

Buku la The Kite Runner, limene analemba Khaled Hosseini, mbadwa ya ku Kabul, linatuluka m'chaka cha 2003. Nthano yake ndi ya anyamata awiri, Amir ndi Hassan, amene anakulira pabwalo limodzi nayamwa bere la mlezi mmodzi, pakuti mai wa Amir anafa pobereka ndipo mai wa Hassan anathawa mwana ali wakhanda. Koma Amir anali mwana wa mwini nyumba, wa mtundu wa Pashtun, pamene Hassan analeredwa ngati mwana wa Ali, wantchito wa pakhomopo, wa mtundu wa Hazara. Wowerenga sangamvetse chimene chinaononga ubwenzi wao akapanda kudziwa mbiri ya mitundu iwiriyi.

A Hazara amakhala makamaka kumapiri a pakati pa Afghanistan, ndipo ambiri a iwo ndi Asilamu a gulu la Shia, pamene a Pashtun ambiri ndi a gulu la Sunni. Mfumu Abdur Rahman Khan, imene inalamulira kuyambira 1880 kufikira 1901, inawathira nkhondo yoopsa m'zaka za 1891 mpaka 1893. Ambiri anaphedwa, ena anagulitsidwa ukapolo, ndipo minda yao inapatsidwa kwa a Pashtun. Ngakhale Mfumu Amanullah inathetsa ukapolo mu 1923, chipongwe sichinathe iai. M'mizinda a Hazara anakhalabe osenza katundu ndi otumikira m'nyumba za ena.

M'nthanoyi Amir anapeza mbiri imeneyi m'buku lakale la mai wake, pakuti mabuku a kusukulu sanali kuitchula kwenikweni. Atalionetsa kwa mphunzitsi wake, mphunzitsiyo analinyoza nalibweza. Kotero mwanayo anaphunzira kuti masautso a mtundu wa mnzake si kanthu. Hassan sanapite kusukulu konse, ndipo Amir pomwerengera nthano pansi pa mtengo wa makangaza ankamseka pa mau amene sanawadziwe. Koma Hassan anakhulupirikabe, mwakuti tsiku lina anaopseza ndi legeni Assef, mnyamata wankhanza wodana ndi a Hazara, kuti atchinjirize Amir.

M'nyengo yozizira ya 1975 Amir anapambana mpikisano wa makaiti, m'mene anyamata amadulirana zingwe zopakidwa galasi losinja. Hassan anathamangira kaiti yotsiriza kugwa kuti akaipereke kwa mnzake, ndipo Assef atamtsekereza m'kanjira anakana kuitaya. Pomwepo Assef anamgwirira namchita zamanyazi. Amir anaona zonse ali chobisala, ndipo anathawa, chifukwa anali ndi mantha, ndiponso anafunitsitsa kaitiyo kuti atate wake amtame. Podzitonthoza anakumbuka kuti wozunzidwayo ndi wa mtundu wa Hazara chabe. Mantha anali ake a mwanayo, koma chodzikhululukira nacho anachilandira kwa akulu.

Chikumbumtima sichinamfewetse Amir, koma chinamuumitsa mtima. Polephera kupenya nkhope ya amene anamlakwira, anabisa wotchi ndi ndalama pansi pa matiresi a Hassan kuti amuyese mbala. Hassan anavomera mlandu umene sanapalamule, napulumutsanso mnzake kachiwiri, ndipo iye ndi Ali anachoka pakhomopo mu 1976.

Tsono mbiri ya dziko inawalekanitsa kotheratu. Asilikali a Soviet Union analowa m'Afghanistan mu December 1979, ndipo mu 1981 Amir ndi atate wake anathawira ku Pakistan, kenaka ku California. Hassan analibe kothawira. A Taliban analanda Kabul mu 1996, ndipo mu August 1998 anapha anthu zikwi ku Mazar-i-Sharif, ambiri a iwo a Hazara. M'nthanoyi iwo ndiwo anaombera Hassan ndi mkazi wake, chifukwa anakana kusiya nyumba ya atate a Amir imene anali kuisunga.

Akulu amati mlandu suola. Mu 2001 Rahim Khan, bwenzi la banjali, anaitanira Amir ku Peshawar namuuza kuti Hassan anali mbale wake weniweni, mwana wa atate ake omwe, amene anabisa zimenezi poopa manyazi. Motero chinyengo cha mwana chinali chitatsata cha kholo. Amir anabwerera ku Kabul kukaombola Sohrab, mwana wamasiye wa Hassan, m'manja mwa Assef, amene tsopano anali mkulu wa a Taliban. Kumeneko anamenyedwa kufikira pafupi kufa, ndipo anapulumuka chifukwa cha legeni ya Sohrab. Anamtengera mwanayo ku America, koma Hassan anali atafa osamva kupepesa kwa mnzake, ndipo bukuli limatha Sohrab asanachire mumtima.

Wophunzira uphunzitsi asaiwale mphunzitsi uja amene anabweza buku. Ana amadza kusukulu atamva kale kwao kuti mtundu wakuti ndi wapansi, ndipo m'kalasi ndimo mau otere amatsutsidwa kapena kulimbikitsidwa. Mphunzitsi wophunzitsa mbiri ya mitundu yonse moona amamlanda mwana chifukwa chimene Amir anadzikhululukira nacho pothawa m'kanjira kaja.