Masiku 14, Masiku 10, Masiku 5: Mbiri ya Kudzipatula

Ambiri a ife tikumbukira nambala ya 14. Pa 18 Malichi 2020, nduna ya zaumoyo Dr Chitalu Chilufya analengeza kuti anthu awiri ochokera ku France apezeka ndi COVID-19, oyamba m'Zambia muno. Patapita masiku awiri masukulu anatsekedwa, ndipo aliyense amene anakhala pafupi ndi wodwala ankauzidwa kudzipatula masiku 14. Lero nambala imeneyi sitiimvanso. Kodi inachokera kuti, nanga inasinthiranji?

Kuwerengera matenda masiku sikunayambe dzulo. Mu 1377 mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, unalamula kuti anthu ochokera kumadera a mliri adikire masiku 30 asanalowe mumzinda. Pambuyo pake Venice inakweza masikuwo kufika 40, ndipo mawu akuti kwarantini anachokera ku nambala imeneyi m'Chitaliyana. Anthu a nthawiyo sankadziwa za tizilombo, ankangoyerekeza.

Masiku 14 athu aja sanali oyerekeza, koma ambiri tinawamva molakwika. Sanali kunena kutalika kwa nthawi imene wodwala amapatsira anzake. Anali nthawi imene kachilombo kangabisale m'thupi munthu asanayambe kudwala. Kwa wodwala weniweni lamulo linali lina. Poyamba opezeka ndi kachilombo ankagonekedwa kumalo apadera monga chipatala cha Levy Mwanawasa, ndipo malangizo a WHO ankati munthu atuluke atapimidwa kawiri osapezeka nako.

Kenako akatswiri anaona kuti kupima kwa PCR kumatha kupeza zotsalira za kachilombo kwa milungu ingapo, munthu atasiya kale kupatsira ena. Choncho mu Meyi 2020 WHO inasintha: wodwala adzipatule masiku 10 kuchokera tsiku limene anayamba kudwala, kuwonjezapo masiku atatu ali bwino.

Kuno ku Kanyama malamulowa anali ovuta kuwatsata. Udzipatula bwanji m'chipinda chimodzi chogona anthu asanu ndi mmodzi, chimbudzi chili cha nyumba zingapo, madzi okatunga pampopi wa onse? Wogulitsa ku Soweto, kondakitala wa minibasi kapena wodalira maganyu akakhala panyumba milungu iwiri, banja ligona ndi njala. Ambiri ankabisa chifuwa n'kupita kukasaka ya unga. Sikunali kusamva ayi, anali mavuto.

Vuto lina linali lakuti ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali nako. Kafukufuku amene anachitika mu Julayi 2020 m'maboma asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Lusaka, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse anali atatenga kachilomboka. Mwa amene anapezeka nako powapima, pafupifupi atatu pa anayi analibe chizindikiro chilichonse. Zinadziwikanso kuti munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanamve kudwala, ndipo amapatsira kwambiri m'masiku oyambirira.

Izi n'zimene zinachepetsanso nambala ija. Mu Disembala 2021, Omicron itafalikira, bungwe la CDC la ku America linati masiku 5 panyumba, ndi ena 5 ovala maski. Mu Malichi 2024 linasiya kupereka nambala imodzi. Linati pa COVID-19, fuluwenza ndi matenda ofanana nawo, munthu akhale panyumba mpaka atayamba kupeza bwino ndipo thupi lakhala maola 24 osatentha popanda kumwa mankhwala oziziritsa, kenako asamale masiku ena 5.

Fuluwenza nayo imayenda chimodzimodzi. Wamkulu amayamba kupatsira kutatsala tsiku limodzi kuti adwale, mpaka masiku 5 kapena 7, koma makamaka atatu oyamba. Ana aang'ono ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi ndi chofooka amatenga nthawi yotalikirapo.

Phunziro lake kwa ife a m'komboni ndi ili: ngati sitingathe milungu iwiri, tisataye masiku oyamba. Chizolowezi chathu n'chakuti timalimba mtima chimfine chikangoyamba, kukwera basi yodzaza, kupita kutchalitchi ndi kumaliro, n'kudzagona tsiku lachinayi titagawira kale anzathu. Juni ndi Julayi akafika ndi mphepo yake, tisinthe. Thupi likatentha, tikhale panyumba ngati n'kotheka. Ngati n'kosatheka, tivale maski, titsegule mawindo, tisambe m'manja, ndipo tisagone pafupi ndi ambuya, khanda kapena wodwala shuga. Kupuma kukayamba kuvuta, kapena chifuwa chikapitirira milungu iwiri, tisawerengenso masiku. Tipite ku kiliniki, chifukwa mwina ndi chibayo kapena TB.