Okwera Phiri Atakhala Pansi

Anthu akale a ku Dowa ndi ku Ntchisi sankakwera phiri kuti akaone malo. Akuluakulu amasimba kuti Angoni akamabwera ndi zishango zawo, Achewa ankathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, ndipo wokhala pamwamba ankasuzumira kumunsi pofuna kudziwa mudzi umene ukufuka utsi. Zoti munthu n'kulipira kuti amukweze phiri, akafika pamwamba ayang'ane uku ndi uku, kenaka n'kutsika chimanjamanja, wopanda nkhuni ngakhale bowa, zinabwera ndi alendo. Ndipo Azungu oyamba kukhazikika m'mapiri athuwa anachokera ku Cape, kumene khalidwe limeneli linadzakula mpaka kulimangira njanji ndi zingwe.

Pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhoma hema pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe, kwa Msakambewa. Pamene hema wa pa Mvera ankakhomedwa, n'kuti tram itayenda kale zaka 26 mu Cape Town. Tram ndi kasitima koyenda pa njanji yoyalidwa pakati pa msewu wa m'tauni, kamene kamaima pafupipafupi ngati minibasi. Yoyamba ya mumzindawo inayamba mu 1863, ndipo ankaikoka ndi akavalo. Nzeru yake inali yapafupi: gudumu lachitsulo likakhala pa njanji sililemera ngati la ngolo m'matope, choncho akavalo awiri ankatha kukoka chigulu cha anthu. Chovuta chinali chitunda. Pamtunda akavalo ankaterereka ndi kuthyoka miyendo, n'chifukwa chake ku San Francisco, mzinda wa zitunda zokhazokha, Andrew Hallidie anayala chingwe chachitsulo pansi pa msewu mu 1873. Injini inkachiyendetsa osaima, ngolo inkachigwira ikafuna kuyenda ndi kuchitaya ikafuna kuima.

Kuno kunalibe njanji, ndipo kavalo sakanakhalitsa kunyanja chifukwa cha kashembe. Injini imene inalipo inali phewa la munthu. Katundu wa pa Mvera ndi wa boma la Dowa ankatsika m'sitima ya pamadzi pa Domira Bay, ndipo kuchokera pamenepo ankakwera zitunda pamitu ya amtengatenga: mchere, nsalu, misomali, mabuku. Mzungu mwini wake ankakwera pa machila. Lero tikamva mawu amenewa timaganiza za wodwala kapena maliro, koma nthawi imeneyo machila anali chinsalu cholimba chomangidwa pa mtengo wautali, munthu n'kugonamo chagada, kansalu kena kakumuphimba dzuwa. Onyamula ankakhala gulu, khumi ndi awiri kapena kuposa, ndipo ankalandizana mtengowo ali pa liwiro, osautula pansi, nyimbo ili pakamwa kuti mapazi agwirizane. Ambiri a iwo ankasaka ndalama ya msonkho wa nyumba. Aliyense amene anakwerapo chitunda cha ku Mvera atasenza thumba la chimanga akudziwa chimene nyimboyo inkabisa. Ine ndimati woyamba kuona kukongola kwa mapiri a Dowa ali phee anali wa m'machila, popeza onyamulawo maso awo anali pa miyala ya m'njira.

Kumwera zinthu zinkathamanga. Mu 1896 tram ya magetsi inayamba kuyenda mu Cape Town, akavalo n'kupuma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anayala njanji ina yopita ku Camps Bay, gombe la kuseri kwa phiri la Table Mountain, yodzera pa mpata wa Kloof Nek. Imeneyi ndiyo inali tram ya oona malo. Anthu ankakwera ndi kamba wawo, osati popita ku ntchito, koma kuti akhale pa benchi mphepo ikuwawomba, nyanja ili mbali ina, matanthwe mbali ina, n'kubwerera kudzera ku Sea Point. Eni njanjiyo analinso ndi malo ogulitsa ku Camps Bay, ndipo ankadziwa kuti munthu akaona gombelo ndi maso ake, mtima wogula puloti umabwera wokha.

Kwathu kuno chilakolako chomwechi chinabala nyumba, osati njanji. Mu 1914 anamanga nyumba m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi kuti bwana DC wa ku Nkhotakota, imene Azungu ankaitcha Kota Kota, azithawirako kutentha ndi udzudzu wa kunyanja. Nyumbayo ilipo mpaka lero, ndiyo Ntchisi Forest Lodge, ndipo kukacha bwino munthu ali pakhonde pake amaona nyanja ndi mapiri a kutsidya ku Mozambique. Amene anasankha malowo anali ndi diso, zimenezo tisamumane. Koma iye, mipando yake ndi tiyi wake zinafika pamenepo pa mapewa ndi pamitu ya anthu.

Phiri la Table Mountain, lafulati pamwamba ngati thebulo, linali likuvutitsabe anthu a ku Cape Town. Tram inkadutsa m'munsi mwake koma sinkalikwera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1870 ankakambirana zoyala njanji yofika pamwamba, koma nkhondo zinkasokoneza, ya Mabuno ndi Angerezi kenaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1926 katswiri wa ku Norway, Trygve Strømsøe, anabwera ndi ganizo lina: kusiya nthaka, n'kupachika kanyumba pa chingwe cha m'malere. Kampani ya ku Germany ya Adolf Bleichert inagwira ntchitoyo, ndipo pa 4 Okutobala 1929 cable car yoyamba inanyamula anthu. Tinyumbato timakhala tiwiri, kena kakamakwera kena kakutsika, kulemera kwa kotsikako kukuthandiza kukoka kokwerako, monga zidebe ziwiri pa chingwe chimodzi cha pachitsime.

Mwa anthu amene anaikapo ndalama panali Sir Ernest Oppenheimer, mwini Anglo American, kampani ya migodi. Apa m'pamene mbiri ziwirizi zimakumaniranso, pakuti m'migodi ya ku Joni ndi mmene munkathera anyamata a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ena paulendo wa selefu, wapansi kudzera ku Rhodesia, ena kudzera ku Wenela itayambiranso kulemba anthu kuno m'zaka za m'ma 1930. Zidzukulu za onyamula machila zinakadziwa chingwe china, chotsitsa chikepe m'mgodi, kumene kulibe choona koma mdima. Tram anyamatawo anaiona ndithu. Ya ku Johannesburg inayamba ndi akavalo mu 1891, inalowa magetsi mu 1906, ndipo zambiri zinali zosanjikiza, mipando pansi ndi pamwamba. Koma munthu wakuda anali ndi tram zakezake, ndipo wa m'komponi sankayenda m'tauni popanda chiphaso. Matchona pobwera kumudzi ankasimba za sitima yoyenda pakati pa masitolo ikuthetheka moto pa waya, anthu n'kumati mabodza a ku Joni.

Tram sinakhalitse kumwerako. Basi ndi galimoto zinaiphangira msewu, popeza njanji siikhota kuti ipatse wina mpata. Cape Town inasiya zake mu 1939, ndipo ya ku Johannesburg inayenda komaliza pa 18 Malichi 1961. Ulendo wa Wenela nawo unaduka mu Epulo 1974, ndege yobweza anthu kumudzi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu.

Malawi anakhalapo ndi chingwe chake cha m'malere, ngakhale ambiri sadziwa. Pa phiri la Mulanje panali chingwe chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe kupita kumunsi cha ku Likhubula, ndipo njira ina ya oyenda pansi kumeneko imatchedwabe Skyline chifukwa cha chingwecho. Chinali cha matabwa, osati cha alendo. Chitaleka kugwira ntchito, matabwawo anabwerera pamitu ya anthu.

Cha ku Table Mountain chokha ndicho chinapitirira. Anachikonzanso mu 1958, mu 1974 ndi mu 1997, pamene anaika tinyumba tozungulira tonyamula anthu 65 kamodzi. Pansi pake pamatembenuka pang'onopang'ono kuti aliyense aone mbali zonse osakankhana, ndipo m'mphindi zisanu munthu amakhala atafika pamtunda wa mamita 1,067. Kunsi kwa kanyumba kalikonse kuli thanki ya madzi, yoti kalemere mphepo ikamawomba komanso yoperekera madzi pamwamba. Mphepo ikanyanya amatseka, alendo n'kubwerera ndi makamera awo.

Mwana wa mlongo wanga, wa kufupi ndi Kongwe, amagwira ntchito ya m'dimba ku Cape Town. Chaka chatha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp ali pamwamba pa phirilo, mzinda wonse uli kumapazi kwake ndi chilumba cha Robben Island chikuoneka patali. Ndinamufunsa kuti chingwecho analipira zingati. Anati nzika za kumeneko zimakwera ulere pa nyengo ya tsiku lawo lobadwa zikaonetsa chitupa, koma mlendo ngati iye amalipira, ndipo ndalama imeneyo anaona kuti ndi bwino ipite kumudzi ikathandize pa feteleza. Iye ndi anzake awiri a ku Mponela anadzera njira ya miyendo ya Platteklip, yokwera masitepe amiyala, imene silipiritsa.

"Munatopa?" ndinafunsa.

"Amalume, Azungu amapuma pamwala uliwonse," anayankha. "Ife tinangoti phiri la Kongwe lomweli, kungoti pobwerera sitinasenze nkhuni."