Sitima ikabwera ndege palibe: zaka 60 za Britain ikugula, kuleka, n'kugulanso

Pa 4 Julayi 2014, khamu la anthu linasonkhana pa doko la Rosyth ku Scotland kudzaonerera mwambo wopatsa dzina sitima yankhondo. Mfumukazi Elizabeth II itadina batani, botolo la wisiki wa pachilumba cha Islay linaphwanyikira m'nthiti mwa sitimayo, m'malo mwa shampeni wa masiku onse. Dzina lake linali HMS Queen Elizabeth. Asilikali apamadzi a dziko la Britain anali asanakhalepo ndi chombo chachikulu chotere: matani 65,000 kulemera kwake, mamita 280 kutalika. Mutandandalika sitima zisanu zonga Ilala, iyi kutsogolo iyi kumbuyo, simungafike kumapeto kwake.

Pamwamba pake, pabwalo loterapo ndege, panaima ndege imodzi ya F-35 ili phuliphuli. Koma chinali chifaniziro chabe, chopanda injini. Ndege zenizeni zinali zikadali ku America, ndipo panadutsa zaka zina zinayi kuti yoyamba itere pa sitimayo. Ndege za Harrier, zimene zikanagwirizira podikira, boma linali litazigulitsa kalekale. Anthu otsatira nkhani za zida ku Britain sanadabwe nazo, pakuti kumeneko sitima ndi ndege zake zinayamba kusemphana m'ma 1960.

Gwero lake ndi thumba. Britain inatuluka m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili ndi ngongole zadzaoneni, maiko amene inkawalamulira akulandira ufulu limodzilimodzi, koma akuluakulu a asilikali ankafunabe zida zoyenera dziko lamphamvu. Asilikali a m'mlengalenga, a RAF, ankafuna ndege yatsopano yoponya mabomba yotchedwa TSR-2. Apamadzi, a Royal Navy, ankafuna sitima yaikulu yonyamula ndege imene pamapepala inkatchedwa CVA-01. Onsewa ankatapa mumphika umodzi. Boma la Harold Wilson litalowa mu Okutobala 1964, nduna ya zachitetezo Denis Healey inapeza kuti mumphikamo mulibe zokwanira aliyense.

Yoyamba kugwa inali TSR-2. Ndegeyi inapangidwa kuti iziuluka chapansipansi pa liwiro lalikulu, kuzemba makina a radar a adani. Inauluka koyamba pa 27 Seputembala 1964 ku Boscombe Down, woyendetsa wake ali Roland Beamont, koma mtengo wake unali utakwera kale mochititsa mantha. Pa 6 Epulo 1965, tsiku lowerenga bajeti, boma linalengeza kuti ntchitoyo yatha. Ndege imodzi yokha ndi imene inali itaulukapo, maulendo 24. Imeneyo anakaisiya ku Shoeburyness kuti aziyeserapo mfuti, ndipo ziwiri zimene zinapulumuka zili m'nyumba zosungiramo zakale ku Cosford ndi ku Duxford. M'malo mwake boma linaitanitsa ndege 50 za F-111 ku America, poti n'zotchipa. Paundi itachepetsedwa mphamvu mu Novembala 1967, nazonso zinadula, ndipo mu Januwale 1968 oda ija inathetsedwa. Mapeto ake RAF inalandira Buccaneer, ndege ya asilikali apamadzi imene inali itaikana zaka zingapo m'mbuyomo.

CVA-01 inafera papepala mu Febuluwale 1966. Mfundo imene inapambana inali yoti ndege za RAF zikhoza kuteteza sitima panyanja zikunyamuka pa mabwalo a kumtunda. Mkulu wa asilikali apamadzi, Sir David Luce, anatula pansi udindo, chimodzimodzi nduna yoona za nthambiyo, Christopher Mayhew. Sitima zakale anazisiya kuti zikalambe, ndipo yomaliza mwa zikuluzikulu, HMS Ark Royal, inaulutsa ndege komaliza kumapeto kwa 1978.

Chimene chinapulumutsa apamadzi ndi kandege kamene poyamba anthu ambiri ankakaona ngati choseweretsa. Mu Okutobala 1960, pa bwalo la Dunsfold, kampani ya Hawker inatulutsa ndege yoyesera yotchedwa P.1127, itamangidwa ndi zingwe kuti isapite patali ikadzuka. Woyendetsa wake, Bill Bedford, anakwera mwendo uli m'chikhakha chifukwa anali atangochita ngozi ya galimoto. Ndegeyo inanyamuka pomwe inaima, osathamanga, n'kulendewera pang'ono pamwamba pa nthaka. Chinsinsi chinali injini ya Pegasus, imene ili ndi mipope inayi yotulutsira mpweya. Woyendetsa akailozetsa pansi, ndege imakwera chowongoka ngati helikopita. Akaipotozera kumbuyo, imathamanga ngati ndege ina iliyonse. Mwana wa P.1127 ndiye Harrier, imene inayamba ntchito ku RAF mu 1969.

Ndege yotere sifuna bwalo lalitali, ndipo akuluakulu apamadzi anaona mpata. Poti boma linali litanena kuti za sitima zonyamula ndege zatha, iwo anapempha chombo chocheperapo, cha matani pafupifupi 20,000, chonyamula mahelikopita osaka sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo anapewa dala kuchitchula dzina loletsedwalo. HMS Invincible inaitanitsidwa mu 1973 ku Barrow-in-Furness. Mu 1975 boma linavomera kugula Sea Harrier, Harrier ya panyanja. Msilikali wina wapamadzi, Doug Taylor, ndiye anabwera ndi nzeru yoika chikweza kumphuno kwa sitima kuti ndege ikathamanga pang'ono ichite kuponyedwa m'mwamba itanyamula mafuta ndi zida zambiri. Pofika 1980, Britain inali ndi sitima yonyamula ndege imene inalowera kukhomo lakuseri.

Sipanathe chaka, nkhwangwa inabweranso. Mu 1981 nduna ya zachitetezo ya boma la Margaret Thatcher, John Nott, inaganiza zochepetsa sitima, ndipo mu Febuluwale 1982 kunalengezedwa kuti Invincible igulitsidwa ku Australia pa mtengo wa mapaundi 175 miliyoni. HMS Hermes, sitima ina yokalamba yonyamula ndege, nayo inali pamndandanda wopuma. Pa 2 Epulo asilikali a Argentina analanda zilumba za Falkland. Pa 5 Epulo sitima ziwiri zomwezo, yogulitsidwa ndi yopuma, zinanyamuka ku Portsmouth ulendo wa makilomita pafupifupi 13,000, kumene kunalibe bwalo lililonse la RAF lapafupi.

Ndege za Sea Harrier 28 zinamenya nawo nkhondoyo. Zinagwetsa ndege za Argentina pafupifupi 20, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene inagwetsedwa ndi ndege inzake, ngakhale zisanu ndi imodzi zinatayika chifukwa cha ngozi ndi mfuti za pansi. Koma ngongole ya 1966 inalipidwa komweko. Ark Royal popuma inapita ndi ndege za Gannet, zimene zinkanyamula radar m'mwamba n'kuona mdani akadali kutali. Popanda maso amenewo, ndege za Argentina zouluka chapamadzi zinkatulukira mwadzidzidzi. Pa 4 Meyi mzinga wa Exocet unaphulitsa HMS Sheffield, anthu 20 n'kufa. Nkhondo itatha pa 14 Juni, malonda a ku Australia anafera m'mazira, ndipo radar ija anaimangirira mwachangu pa mahelikopita a Sea King. Hermes inagulitsidwa ku India mu 1986, kumene inatumikira zaka zina 30.

Maloto a sitima zikuluzikulu anadzukanso mu 1998, boma la Tony Blair litaunika za chitetezo n'kunena kuti pakufunika ziwiri. Panatenga zaka khumi kuti mgwirizano usainidwe, mu Julayi 2008, ndalama zake zikuyerekezedwa pa mapaundi 3.9 biliyoni. Panalibe doko limodzi ku Britain lotha kupanga chombo chotere palokha, choncho anachigawa zidutswa m'madoko asanu ndi limodzi: Govan, Portsmouth, Appledore, Hebburn, Birkenhead ndi Rosyth. Zidutswazo, zina zolemera matani masauzande angapo, zinkakokedwa panyanja kupita ku Rosyth kukalumikizidwa. Kapangidwe kotere si kachilendo kwa anthu a ku Monkey Bay: Ilala nayo inapangidwa pa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Govan komweko, n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa kunyanja.

Kugawa ntchito chotere kunali ndi phindu linanso limene andale sankalitchula mokweza. Doko lililonse lili ndi antchito ake, mabanja awo ndi phungu wawo, ndipo Rosyth inali yoyandikana ndi dera la Gordon Brown, nduna yaikulu ya nthawiyo. Ntchito yokhudza mavoti ochuluka chotero sithetsedwa wamba. Kumapeto kwa 2008, ndalama zitavuta, boma linangochedwetsa ntchitoyo kuti lipumeko chaka chimenecho, ndipo kuchedwetsako kunawonjezera ndalama zoposa paundi 1 biliyoni. Pomaliza sitima ziwirizo zinadya mapaundi 6.2 biliyoni.

Chaka cha 2010 ndiye chinali cha ichi chakoma ichi chakoma. Boma la David Cameron linapeza kuti kuthetsa sitima yachiwiri kungadule kuposa kuimaliza, malinga ndi momwe mgwirizano unalembedwera. Ndiye linadula kwina. HMS Ark Royal ina, mng'ono wake wa Invincible, inapumitsidwa nthawi yake isanakwane. Ndege za Harrier zinauluka komaliza mu Disembala 2010, ndipo 72 zinagulitsidwa ku America pa madola 180 miliyoni kuti azichotsamo masipeyala. Patangotha miyezi itatu chiulukire Harrier komaliza, nkhondo ya ku Libya inayamba. France inatumiza sitima yake ya Charles de Gaulle kufupi ndi gombe, pamene ndege za Tornado za Britain zinayamba ndi kunyamukira ku Marham, kwawo komweko, kenako ku Gioia del Colle ku Italy.

Boma lomwelo linasinthanso mtundu wa ndege. Linati lisiya F-35B, imene imanyamuka pamtunda waufupi n'kutera chowongoka ngati Harrier, litenge F-35C, imene imapita kutali n'kunyamula zambiri koma imafuna makina oiponya ponyamuka ndi zingwe zoikola potera. Akatswiri atawerengera, mtengo woika makinawo pa sitima imodzi yokha unafika mapaundi 2 biliyoni. Mu Meyi 2012 nduna Philip Hammond inabwerera ku F-35B. Ofufuza za ndalama za boma anapeza kuti kupita ndi kubwerako kunamwaza mapaundi 74 miliyoni, chitsulo ngakhale chimodzi cha makinawo chisanawotcheredwe pa sitima.

Chilungamo chake, Britain siinangotaya. Makampani ake amapanga mbali ndithu ya F-35 iliyonse imene imagulitsidwa padziko: BAE Systems imapanga chakumchira ku Samlesbury, Martin-Baker mpando wothawira pangozi, ndipo Rolls-Royce chikupizo chimene chimadzutsa F-35B. Chosowa ndi ndege za pa sitima zake zomwe. Boma linanena kuti lidzagula 138, koma gulu loyamba linali la 48, ndipo zinkafika mwapang'onopang'ono. F-35 yoyamba kutera pa Queen Elizabeth, mu Seputembala 2018, inali yoyesera ya ku America. Mu 2021, sitimayo itanyamuka ulendo wake woyamba wopita ku Asia, chombo chopangidwira ndege 36 chinanyamula 18: zisanu ndi zitatu za Britain, khumi za asilikali a America.

Zisanu ndi zitatuzo sizinabwerere zonse. Mu Novembala, pa nyanja ya Mediterranean, imodzi inathamanga kulunjika pa chikweza chija koma injini inalibe mphamvu. Woyendetsa anadziponya kunja ndi mpando wake n'kupulumuka, ndege n'kugwera m'madzi pamphuno pa sitima. Ofufuza anapeza kuti chotsekera china, cha mtundu umene amaika pakamwa polowera mpweya ndege ikaima, chinali chitatsalira mkati. Panafunika ntchito ya masabata angapo kuti aivuule pansi pa nyanja, anthu ena asanaipeze ndi zinsinsi zake.

Sitima yachiwiri, HMS Prince of Wales, inayamba ntchito mu Disembala 2019. Mu Ogasiti 2022 inanyamuka ku Portsmouth kupita ku America kukayesa ndege, anthu akuibayibitsa pagombe. Isanapitirire chilumba cha Isle of Wight, cholumikizira cha shafiti yozungulitsa chikupizo chakumanja chinathyoka. Queen Elizabeth ndiyo inapita m'malo mwake, ndipo Prince of Wales inakwawa kubwerera ku Rosyth, m'doko lomwe inalumikizidwira, kumene inakhala miyezi isanu ndi inayi amisiri akuikonza.